Nkhope Zakuda pa Khoma la Mabowo

KOMITI YA KHOMA LA CHIKUMBUTSO CHA MGODI WA SOLGOL
Zolembedwa za msonkhano wachisanu ndi chinayi

Tsiku: Loweruka, 7 Febuluwale 2026
Malo: Holo ya mudzi wa Solgol, chipinda cham'mwamba

Potsata mwambo wa mabuku a shifiti a kumgodi, umene komitiyi inatengera, zolembedwazi zikuyamba ndi nyengo ya m'mawa ndipo zithera pa amene anafika kwawo.

NYENGO

Kunacha kozizira kwambiri, kumwamba kopanda mtambo. Chipale chofewa chimene chinagwa Lachinayi chinali chisanasungunuke, ndipo cha m'mbali mwa msewu chinali chitada kale. Mphepo imachokera ku chulu cha zinyalala za malasha, ikumenyetsa chitseko cha nyumba yosambira ya mgodi, chimene palibe wachikhoma chitsekereni mgodiwo zaka ziwiri zapitazo. Kunamveka akhwangwala, galimoto yokankha chipale, ndi basi ya ku chipatala ikulimbana ndi chitunda, matcheni akulira m'matayala. Sayirini ya shifiti sinalire. Bambo Seok anapempha kale kuti zimenezi zizilembedwa ndithu.

OPEZEKA

Bambo Byeon Man-su, Wapampando, amene anali mkulu wa ofesi ya mgodi
Bambo Seok Deuk-chun, membala, amene anakumba malasha zaka makumi atatu
Mayi Pyo Ok-ja, membala, amene ankasankha miyala m'malasha pamtunda
Aphunzitsi Eom Su-gyeong, membala, oimira sukulu ya zaluso
Bambo Yeom Chang-ho, mlangizi wochokera ku fakitale yoboola malata (savota)
Tak Hae-dam, Mlembi, wophunzira pa sukulu yomweyo, amenenso akukonza chithunzi cha khomali pa kompyuta (savota, zaka sizinakwane)

OSAPEZEKA

Bambo Tak Yeong-bae, Wachiwiri kwa Wapampando, bambo ake a Mlembi. Ali m'chipatala cha odwala mapapo chiyambire Novembala.
Woimira boma la dera. Anatumiza uthenga woti msewu ndi woterera.

1. KUTSEGULA

Wapampando anatsegula msonkhano itangopitirira teni koloko. Anathokoza Mayi Pyo chifukwa cha mbatatesi zophika zimene zinali patebulo. Mayi Pyo anati sanabweretsere komiti, anabweretsera mwanayo, Mlembi, poti amayi ake masiku ano amagona ku chipatala. Wapampando anali atasenda kale imodzi.

Wapampando anakumbutsa mamembala kuti fayilo ya mabowo iyenera kufika ku fakitale Lachisanu likudzali, apo ayi khoma silidzayatsidwa mu Epulo monga boma la dera linalengeza kale. Anati pa njira ziwiri zimene Mlembi wakonza, lero pasankhidwe imodzi, nkhaniyo ithe.

2. ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WAPITAWO

Mlembi anaziwerenga. Mayi Pyo anatsutsa chiganizo chonena kuti chithunzi chinafupikitsidwa mbali ya kumanja kuti chikwane pakhoma. Anati palembedwe kuti amayi onse osankha malasha, iwo omwe ali momwemo, anadulidwa kuti chitseko cha chimbudzi cha alendo chizitseguka bwino. Wapampando anati ndi nkhani imodzi yomweyo, kungoti ina yalembedwa mwaulemu. Mayi Pyo anati ngati ndi imodzi yomweyo, palibe vuto kulemba yawoyo. Mlembi walemba zonse ziwiri. Zolembedwazo zinavomerezedwa.

3. KUFOTOKOZA NJIRA ZIWIRI

Bambo Seok anapempha kuti Mlembi afotokozenso kuyambira pachiyambi, ndipo alankhule ngati akulankhula ndi munthu, osati ndi kompyuta yakeyo.

Mlembi anafotokoza kuti khomalo ndi malata oyera a aluminiyamu makumi awiri ndi anayi, ndipo kuseri kwake kudzakhala magetsi. Sipadzapakidwa chithunzi chilichonse. Chithunzi chidzaoneka chifukwa cha mabowo okha: pamene chili choyera padzabooledwa bowo lalikulu kuti kuwala kutuluke kwambiri, pamene chili chakuda bowo laling'ono. Chithunzicho ndi chija cha tsiku lomaliza, chojambulidwa pakamwa pa mgodi. Kutsogolo kuli a ku ofesi ndi alendo, malaya oyera, zisoti zoyera, maluwa m'manja. Kumbuyo kuli mizere itatu ya amuna a shifiti yomaliza atangotuluka, asanasambe.

Mlembi anaonetsa pulogalamuyo pa sikirini. Anati mmenemo munthu salemba mawu, amangoika timabokosi n'kutilumikiza ndi mawaya ojambula. Kabokosi kena kamasunga chithunzi, kena kamayala timadontho m'mizere pa khoma lonse, kena kamafunsa kadontho kalikonse kuti pamene kagwerapo pada motani, kena kamasandutsa yankholo kukhala kukula kwa bowo. Munthu akakoka pamodzi, mabowo onse a khoma amasintha nthawi yomweyo.

Bambo Seok anati tsopano amva. Anati ndi mapaipi a mphepo a pansi mu mgodi omwe aja: ukatsegulira kwambiri uku, kwina anthu akubanika. Mlembi anati ndi momwemo.

Bambo Yeom anawonjezera kuti makina awo ali ndi zoboolera zisanu ndi ziwiri basi, kuyambira bowo longa njere ya soya mpaka longa pakamwa pa kakapu komwera mowa wa soju. Choncho chithunzi chonse, ndi kuda kwake ndi kuyera kwake konse, chiyenera kugawana makulidwe asanu ndi awiri amenewo. Mlembi anati kagawidweko kali m'kabokosi kamodzi kokhala ndi mzere umene munthu angaupinde.

Njira Yoyamba. Mzere unasiyidwa woongoka, makulidwe n'kugawidwa mofanana kuchokera koyera mpaka kwakuda. Mzere wa anthu a kutsogolo unaoneka bwino lomwe, mpaka magalasi a Wapampando ndi riboni ya maluwa. Amuna a kumbuyo onse anagwera pa bowo laling'onong'ono, chifukwa nkhope zawo zinada kupitirira pamene makulidwe athera. Pamwamba pa alendo panangotsala mdima wokhala ndi nyali za pachisoti, ndi mano apa ndi apo. Mayi Pyo anati zikuoneka ngati mabwana anajambulitsa usiku pansi pa nyenyezi.

Njira Yachiwiri. Mlembi anapinda mzerewo kuti makulidwe asanu ndi limodzi apite ku mitundu ya kuda, limodzi lotsalalo litenge zoyera zonse. Nkhope za amuna a kumbuyo zinatuluka, ndi makwinya ake, ndi njira za thukuta, ndi pamene panadutsa lamba wa chophimba mphuno. Mzere wa kutsogolo wonse, malaya, zisoti ndi nkhope, unasanduka mabowo aakulu ofanana.

Wapampando anafunsa kuti iwo ali pati. Mlembi analoza. Wapampando anati akungoona sefa.

4. LATA LOYESERA

Bambo Yeom anadziwitsa komiti kuti abweretsa lata limodzi loyesera, limene anaboola potsata fayilo imene Mlembi anawatumizira. Wapampando anafunsa ngati ndi la Njira Yoyamba. Bambo Yeom anati ndi la Yachiwiri, lata la nambala 14. Wapampando anati komiti sinanene kuti loyesera likhale liti. Bambo Yeom anati komiti sinanenedi, ndiye iwo anaboola chimene analandira.

Mamembala anatsikira m'chipinda chosungiramo mipando, mmene mulibe windo. Bambo Yeom anaimika latalo, anayatsa nyali kuseri kwake, Aphunzitsi Eom n'kutseka chitseko. Pakati pa latalo panaoneka nkhope ya Bambo Tak Yeong-bae, akuyang'ana cham'mbali pang'ono, milomo ili yotseka. M'mphepete mwake munali tsaya, khutu ndi diso limodzi la Bambo Seok, amene anaima pambali pawo tsikulo.

Mayi Pyo anayandikira kwambiri, anati akungoona mabowo, ndipo Mlembi anawauza kuti abwerere m'mbuyo mpaka kukhoma. Atatero anati, “Ndi Yeong-bae ameneyu. Ndi nkhope ija ankachita akamadikira kuti ena ayambe kulowa m'bafa.” Bambo Seok anatuluka, anati m'chipindamo muli fumbi.

Mamembala atabwerera m'mwamba, Bambo Yeom anati anene zoona zake monga mlangizi. Anati lata 14 ndi lolimba ndipo ndi labwino kuposa onse amene anaboolapo chaka chino. Koma malata a m'munsi, mmene muli mzere wa kutsogolo, mu Njira Yachiwiri adzakhala mabowo okhaokha, chitsulo chotsala pakati pake chopyapyala ngati timitengo todyera chakudya. Anati ndi mphepo ya kuno, chipale chikaunjikana m'munsimo, iwo sangalonjeze kuti malatawo adzatha zaka zitatu asanapindike. Mlembi anafunsa ngati angachepetse bowo lalikululo. Bambo Yeom anati akhoza, koma akatero kuwala kwa khoma lonse kuchepa, ndipo nkhope zakuda zija zibwerera kumene zinachokera.

5. DANDAULO LA WAPAMPANDO PA MIZERE YA MALATA

Wapampando anatulutsa mapepala awiri, la mu Disembala ndi la sabata ino, n'kuwayala patebulo. Anati pa la mu Disembala, mpata wolumikizira malata unkadutsa paphewa pawo. Pa latsopanoli ukudutsa pakati pa mphuno yawo. Anatinso pa la mu Disembala nkhope ya Bambo Tak inali pa malata awiri, koma tsopano yakhala pakati penipeni pa lata limodzi ngati chithunzi cha pa chiphaso. Anafunsa ngati kompyuta imachita zimenezi yokha.

Mlembi anayankha kuti siichita yokha. Anavomera kuti anasunthira mizere yonse ya malata kumanzere, kutalika kwa chikhatho, chifukwa mpata unkadutsa pa diso la bambo ake. Anati atasuntha anaona kuti wagwera pa mphuno ya Wapampando, ndipo anausiya pomwepo.

Wapampando anati ndiye kuti wina anayenera kudulidwa, ndipo mwanayo anasankha yekha, koma lero akuphunzitsa akuluakulu za chilungamo. Mayi Pyo anati, “Bwana, mphuno yanuyo ndi yokwana malata awiri, musadandaule, palibe chatayika.” Wapampando anapempha kuti mawu amenewa asalembedwe. Mayi Pyo anapempha kuti alembedwe.

Aphunzitsi Eom anapepesa m'malo mwa sukulu. Anati kalabu ya zojambula inayamba ntchitoyi ndi ana asanu, anayi anasiya chifukwa cha mayeso, ndipo Mlembi wakhala akuigwira yekha m'chipinda cha makompyuta anzake atapita. Anati zimenezo sizikuchotsa kulakwako, ndipo mwanayo anayenera kuuza komiti.

Chigamulo: mizere ya malata ibwerere mmene inalili mu Disembala.

6. NJIRA YACHITATU

Aphunzitsi Eom anati pali njira yoti aliyense aoneke. Mlembi akhoza kuzunguliza mutu wa mwamuna aliyense wa kumbuyo pa chithunzicho ndi kuuyeretsa paokha, a kutsogolo n'kuwasiya mmene alili. Mlembi anati anayesapo kale pa mitu itatu, ndipo anaonetsa. Nkhopezo zinaoneka, koma zowala mofanana ndi za alendo, ngati amuna amene achokera kometa.

Wapampando anati boma la dera linapereka chithunzicho pa mgwirizano woti chisasinthidwe, chifukwa ndi mbiri. Mayi Pyo anafunsa ngati kudula amayi onse sikunali kusintha. Wapampando anati kumeneko kunali kufupikitsa. Anawonjezera kuti mitu yonseyo singathe kuzungulizidwa Lachisanu lisanafike.

Mayi Pyo anati nawonso njirayo sakuifuna, ngakhale sizikuwakomera kugwirizana ndi Wapampando. Anati, “Aphunzitsi, musawasambitse. Mwamuna wanga ndinamusambitsa kamodzi kokha, tsiku limene anamutulutsa mu mgodi pa machira, ndipo fumbi la m'makutu silinachoke. Munthu wakunja sasambitsa amuna a eni.”

Aphunzitsi Eom anabweza maganizo awo.

7. KUSANKHA NJIRA

Voti isanachitike, Bambo Seok anapempha kulankhula. Mlembi ankayembekezera kuti alankhulira Njira Yachiwiri, popeza iwo ndi Bambo Tak anakumba pamalo amodzi zaka zambiri ndipo amatchulana achimwene ndi mng'ono. Mawu awo alembedwa mmene anawanenera.

“Mwanawe, tazimitsa kaye chinthucho. Pa chithunzi chija palibe anganditchule dzina, n'chifukwa chake ndinalola kuti chikwere pakhoma. Mwana wanga wamkazi anakwatiwa ku mzinda wa Daejeon. Apongozi ake amadziwa kuti ndinkagwira ntchito ku njanji. Sindinawauze ndine, koma sindinatsutse. Pa ukwati ndinavala magolovesi oyera monga avalira bambo aliyense wa mkwatibwi, ndipo mumtima ndinadalitsa amene anayambitsa mwambowo, chifukwa zipsera zabuluu za malasha za m'manjazi sizinaoneke. Zidzukulu zanga zimatsikira pa siteji ya basi, ndipo khoma lanuli likuyang'ana pa siteji pomwepo. Mumayesa ndinalowa m'komiti muno chifukwa cha khofi wa m'makapu a pepalayu? Ndinalowa kuti ndizilondera. Iwe wanditulutsa mumdima osandifunsa.”

Mayi Pyo anati manyazi amenewo achimwene akalamba nawo, ndipo malasha omwewo ndi amene anaphunzitsa mtsikanayo mpaka kukakumana ndi mwamuna wa ku Daejeon. Bambo Seok anati zimenezo akuzidziwa kuposa wina aliyense m'chipindamo, ndipo mtsikanayo naye akuzidziwa, n'chifukwa chake amalira akamaimba foni.

Kenako Bambo Seok anafunsa Mlembi ngati iye anawafunsa bambo ake.

Mlembi anayankha kuti sanawafunse. Atafunsidwa chifukwa, anati bambo ake tsopano amalankhula mawu awiri atatu n'kupumula, ndipo iye ankafuna kudzawaonetsa chinthu chotha kale, osati kuwatopetsa ndi mafunso. Wapampando anafunsa kuti nanga n'chifukwa chiyani waikakamira chonchi nkhope imeneyo. Mlembi anati sanaionepo. Anati amuna ankasamba ku mgodi konko, ndipo bambo ake ankafika kunyumba akununkhira sopo, tsitsi lili lonyowa. Nkhope imene ankagwira nayo ntchito ili pa chithunzi chimenechi chokha, ndipo ngakhale pamenepo sinkaoneka mpaka iye atapinda mzere uja. Anati imene ali nayo tsopano theka lake lili m'chophimba cha mpweya, ndipo dokotala anauza amayi ake kuti za mu Epulo asaziwerengere kwambiri.

Bambo Seok anati amva, koma funso lawo linali lina, ndipo layankhidwa.

Voti inachitika pokweza manja. Njira Yoyamba: Bambo Seok. Njira Yachiwiri: Mayi Pyo. Aphunzitsi Eom sanakweze dzanja. Anati sukulu inabwera kudzathandiza pa luso, osati kudzalowerera nkhani za m'mudzi, ndipo iwo si obadwira kuno. Mayi Pyo anati khofi wa kuno amamwa bwinobwino.

Mavoti atafanana, Wapampando anati malamulo akuwapatsa iwo mphamvu yogamula. Mayi Pyo anati Wachiwiri kwa Wapampando sanamwalire, dzina lawo likadali pa komiti, ndipo mafoni alipo. Wapampando anati malamulo sanena za voti ya pa foni. Bambo Yeom, ngakhale savota, anati malamulowo saletsanso. Wapampando analola.

Mlembi anaimbira amayi ake, anaika foni pakati pa tebulo kuti onse amve. Amayi ake anati bambo ali maso, ndipo awayandikizira foniyo. Wapampando anadzitchula dzina, anafotokoza njira ziwirizo pang'onopang'ono ndi mokweza, ndipo Mlembi akuchitira umboni kuti anafotokoza mosakondera. Anamaliza ndi kufunsa kuti Bambo Tak akuvotera iti.

Kunamveka makina a mpweya. Patapita nthawi, Bambo Tak anati, “Hae-dam alipo?”

Wapampando anati alipo.

“Wadya?”

Mayi Pyo anati, “Wadya, Yeong-bae. Mbatatesi ndabweretsa ine.”

Kunatsatira chifuwa chachitali. Bambo Seok anayang'ana pawindo. Wapampando anavula magalasi n'kuwagwira m'manja mpaka chifuwacho chitatha. Amayi a Mlembi anati basi, zakwana, apepese komiti, ndipo anadula foni. Kuti zolembedwazi zikhale zoona, Mlembi anali asanadye.

Wapampando anagamula kuti mawu a Bambo Tak sangawerengedwe ngati voti, ndipo palibe anatsutsa. Anati iwo akuvotera Njira Yoyamba. Anati anthu anene zimene anganene, koma sakuchitira nkhope yawo. Khoma lopindika ndi mphepo silingakumbutse munthu chilichonse, ndipo alendo a boma amene ali pa chithunzicho ndi omwewo adzabwere kudzadula riboni. Mayi Pyo anafunsa kuti mwa zifukwa ziwirizo chachikulu ndi chiti. Wapampando anati nkhani yatsekedwa.

Chigamulo: (a) khoma liboole potsata Njira Yoyamba, (b) Mlembi awongole mzere wa m'kabokosi kaja, abwezere mizere ya malata, ndipo atumize fayilo ku fakitale Lachisanu lisanathe, (c) Aphunzitsi Eom aione fayiloyo isanapite.

Bambo Seok anafunsa Mlembi kuti, zikatero, pamalo a mng'ono wawo padzatsala chiyani. Mlembi anawongola mzerewo pomwepo n'kuwaonetsa. Anati padzatsala nyali ya pachisoti ndi diso limodzi, chifukwa linalo lagweranso pa mpata.

8. NKHANI ZINA

(a) Mayi Pyo anapempha kuti m'tsinde mwa khoma muikidwe nsapato zachitsulo zoloza m'kati. Aphunzitsi Eom anafunsa tanthauzo lake. Mayi Pyo anati mwamuna akatuluka kupita ku shifiti, mkazi ankatenga nsapato zake zotsala pakhomo n'kuzitembenuza kuti ziloze m'nyumba, kuti mwini wake abwerere. Anati aliyense ankachita, opemphera ndi osapemphera omwe, ndipo poti amayi adulidwa pa chithunzi, ntchito yawoyo ioneke. Wapampando anati alendo akhoza kupunthwapo. Nkhaniyi inasiyidwira msonkhano wotsatira.

(b) Bambo Yeom anafunsa chochita ndi lata loyesera, poti tsopano siligwirizana ndi khoma, ndipo likabwerera ku fakitale likasungunulidwa. Mayi Pyo anati lipatsidwe kwa mwanayo. Wapampando anati ndi katundu wa komiti, koma sangakane, bola lisaikidwe poonekera pamene alendo angamayerekezere ndi khomalo. Bambo Seok anati theka la nkhope yawo lili pamenepo, ndipo nthawi ino afunsidwe. Mlembi anawafunsa. Iwo anati, “Tenga bambo ako. Gawo langalo andidulire.” Bambo Yeom anati chodulira chili m'galimoto.

(c) Aphunzitsi Eom anapempha kuti fayilo ya Njira Yachiwiri isafafanizidwe, chifukwa ingathandize Mlembi pofunsira malo ku yunivesite.

9. MSONKHANO WOTSATIRA

Loweruka, 7 Malichi, teni koloko, malo omwewo.

10. KUTSEKA

Wapampando anathokoza mamembala chifukwa cha mgwirizano wawo ndipo anatseka msonkhano isanakwane wani koloko. Mbatatesi zotsala Mayi Pyo anazikulunga n'kuziika m'chikwama cha Mlembi.

Wapampando: Byeon Man-su (asayina pa msonkhano wotsatira akaziwerenga)
Mlembi: Tak Hae-dam

AMENE ANAFIKA KWAWO

Wapampando anapita pa galimoto yawo ndipo anafika. Aphunzitsi Eom anakwera sitima ya masana, anatumiza uthenga woti afika, ndi wina wokumbutsa za fayilo. Mayi Pyo anayenda wapansi, anakana kunyamulidwa, ndipo utsi unaoneka pa chumuni chawo. Bambo Seok anadikira panja pa holo mpaka gawo lawo litadulidwa, analikulunga m'nyuzipepala, analiika m'khwapa, ndipo anakwera nalo chitunda mpaka kwawo, akupumula pa pholo lililonse la magetsi. Bambo Yeom anatula Mlembi ndi latalo pa nyumba za kampani za mzere wachitatu, n'kubwerera ku fakitale.

Latalo silinathe kulowa pa chitseko cham'kati. Mlembi analitsamiritsa kukhoma polowera, pamene pamavulidwa nsapato.

Amayi a Mlembi anafika pa basi yamadzulo, okha, atanyamula zovala zokachapa. Anafunsa kuti chitsulo cha mabowo chimenecho ndi cha chiyani pakhomo. Mlembi anawauza kuti aime kumapeto kwa khonde, anazimitsa getsi, n'kuyatsa tochi kuseri kwa latalo. Anayang'ana nthawi yaitali, chikwama chili m'manja. Anati nawonso amuna awo sanawaonepo chotero. Sanafunse zimene komiti yagamula. Polowa anawerama n'kuwongola nsapato za bambo, zimene latalo linakankha poikidwa, kuti zilozenso m'nyumba.

Bambo Tak Yeong-bae sanabwere.